Mapapo a munthu woti mtima waima kale angakathandize wina?

Nachisale:
Moni nonse pa gulu. Ndili ndi funso kwa anzathu a zachipatala, musandiseke. Ndimakonza zinthu pa NHS App, pulogalamu ya pa foni ya zipatala za boma, ndiye ndinakapeza tsamba la zopereka ziwalo. Kuno ku England kuyambira pa 20 May 2020 munthu wamkulu aliyense amatengedwa ngati anavomera kupereka ziwalo akamwalira, pokhapokha atalembetsa kuti sakufuna. Zimenezo ndazimva. Chandizunguza mutu ndi pomwe akuti ziwalo zimatha kuchotsedwa mtima utaima kale, ndipo pamndandandapo pali mapapo. Munthu wasiya kupuma, magazi sakuyenda, mapapo akewo akagwira ntchito bwanji mwa wina? Sakhala kuti afera limodzi ndi mwini wake?

Bambo a Tadala:
Ine ndimadziwa kuti amachotsa munthu adakali pa makina. Tiyeni timve.

Agogo Jere:
Ine zanga ndidzapita nazo zonse monga anandipatsira Mulungu. Koma ndikuwerenga.

Dr Mbewe:
Palibe chosekera apa achemwali, madokotala nawo anakhala zaka akuganiza ngati inuyo. Kuchipatala imfa timaitsimikiza m'njira ziwiri. Pali munthu amene ubongo wake wafa koma mtima ukugundabe chifukwa makina akumupumira. Ameneyo ndi amene akunena bambo a Tadala, pantchito timati DBD. Palinso imfa imene tonse timaidziwa kumudzi, mtima waima, kupuma kwatha. Wopereka ziwalo wotereyo timati DCD.

Tsono chiwindi, impso ndi mtima zimalandira okosijeni kudzera m'magazi basi. Magazi akaima, kuonongeka kwayamba pomwepo. Phapo ndi losiyana. Maselo ake ali m'mbali mwa timatumba ta mpweya, ndipo amatha kutenga okosijeni kuchokera mu mpweya umene uli m'timatumbamo osadikira magazi. Komanso phapo silifuna okosijeni wambiri poyerekeza ndi mtima kapena ubongo. Ndiye mukasiya mpweya m'menemo, lili ngati banja loti msika watsekedwa koma m'nkhokwe muli chimanga. Silifa nthawi yomweyo.

Nachisale:
Eee! Ndiye kuti limadzipumira lokha kwakanthawi?

Dr Mbewe:
Titero. Amene anaonetsa izi poyera ndi Thomas Egan wa ku North Carolina mu 1991. Ankachotsa mapapo a agalu patapita ola limodzi, maola 2, ena maola 4 chiimireni mtima, n'kuwaika mwa agalu ena. A ola limodzi anagwira ntchito bwino, ochedwa aja ndi amene ankalephera kawirikawiri. Ndipo tikabwerera m'mbuyo, opaleshoni yoyamba yoika phapo mwa munthu, imene James Hardy anachita ku Mississippi mu 1963, phapolo linachokera kwa munthu amene anafa ndi matenda a mtima, mtima utaima. Wolandirayo anakhala masiku 18 okha, koma chinamupha ndi impso. Nthawi imeneyo panalibe njira ina. Zoti munthu wafa ubongo zinayamba kuvomerezedwa cha m'ma 1968, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anathamangira kumeneko, njira yakale n'kuiwalika pa nkhani ya mapapo kwa zaka zoposa 20.

Bambo a Tadala:
Ndiye munthu akagwa pamsewu kapena kunyumba amathamanga naye kukamutsegula?

Mayi a Chikondi:
Ndilowerere adokotala, poti izi ndi za ku ICU kwathu, kumene timasamalira odwala mwakayakaya. Ayi bambo a Tadala, kuno ku Britain si za munthu wogwa pamsewu. Amakhala wodwala amene ali kale pa makina opumira, mwina anavulala kwambiri m'mutu kapena mtsempha unaphulika mu ubongo. Ubongo sunafe wonse, koma madokotala ndi achibale agwirizana kuti kupitiriza ndi kungomuzunza. Chigamulo chochotsa makina chimayamba. Nkhani ya ziwalo imabwera pambuyo, ndipo amabwera nayo ndi namwino wina wapadera wochokera ku NHS Blood and Transplant, bungwe loona za magazi ndi ziwalo zoperekedwa.

Banja likavomera pamapita maola ambiri, nthawi zina usiku wonse. Kuyeza magazi, kujambula X-ray ya pachifuwa, kuimbira zipatala zoika mapapo monga Papworth, Harefield kapena Freeman ku Newcastle, kufunafuna wodwala amene gulu la magazi ndi msinkhu zikugwirizana, poti phapo la munthu wamtali silingakwane m'chifuwa cha munthu wamfupi. Madokotala ochotsa ziwalo amabwera kuchokera kutali ndi mabokosi awo a ayezi, amasamba m'manja, kuvala, n'kuima mu fiyeta kudikira. Saloledwa kukhudza wodwalayo adakali moyo.

Ife timakhala m'chipinda choyandikana ndi fiyetayo pamodzi ndi achibale. Ena amaimba nyimbo za kutchalitchi, ena amangogwira dzanja. Timapereka mankhwala oletsa ululu monga timachitira ndi aliyense amene akutsirizika, kenako chubu cha pakhosi chija chimachotsedwa. Namwino wapadera uja amaima pakona ndi pepala, maso ali pa monita, kulemba BP ndi okosijeni mphindi zingapo zilizonse. BP ya pamwamba ikatsika kufika pansi pa 50 amalemba nthawi, chifukwa kuyambira pamenepo ziwalo zayamba kuperewedwa magazi ngakhale mtima ukugundabe. Mzere wa pa monita ukagona, dokotala amayang'ana wotchi n'kudikira mphindi 5 zathunthu, palibe wokhudza. Akatero amaunika m'maso ndi tochi, n'kunena nthawi ya imfa.

Zikatero ndi liwiro. Bedi limakankhidwa kulowa mu fiyeta. Dokotala wogonetsa amabwezera chubu pakhosi msanga kuti za m'mimba zisakwere n'kulowa m'mapapo, chifukwa zimenezo zokha zimaononga phapo labwinobwino. Pakatha mphindi 10 chiimireni mtima ndi pamene amaloledwa kupoperamo okosijeni kamodzi kuti mapapo afufume. Akafufuma, madokotala otenga mapapo sakhalanso ndi phuma kwenikweni. Amene amatuluka thukuta ndi a chiwindi.

Nachisale:
Mayo ine. Ndiye achibale amangokhala ndi mphindi 5 zomwezo zotsanzikana?

Mayi a Chikondi:
Inde, ndipo timawauziratu kuti atsanzike kale makina asanachotsedwe. Akafuna amadzamuonanso opaleshoni ikatha. Koma chimene chimandipweteka ine ndi china. Makina achotsedwa, munthu akupitiriza kupuma yekha, ola limodzi ladutsa, lachiwiri likupita. A mapapo nthawi zambiri amadikira mpaka maola 2, a impso amatha kufika 3. Nthawi ikakwana amavula magolovesi, kulongedza n'kumapita. Wodwala timabwerera naye ku wodi, amadzamwalira mawa lake kapena mkuja. Ndinaonapo mayi wina amene anavomera kupereka ziwalo za mwamuna wake atalimbana ndi azilamu ake tsiku lonse. Titamuuza kuti sizitheka anangoti, "Ndiye ndakanganirana chiyani ndi anthu?" Kwinaku kuli wina amene anaimbiridwa foni pakati pa usiku, wafika kuchipatala ndi chikwama chake atanyamula botolo la okosijeni, nayenso akuuzidwa kuti abwerere kunyumba.

Agogo Jere:
Mwafotokoza bwino mwana wanga, koma ine pa mphindi 5 mpamene ndakakamira. Kwathu munthu akatsirizika akuluakulu amakhala kaye, kumukhudza kumapazi, kudikira azizire, ndiye n'kulengeza maliro. Tamvapo za anthu odzuka amayi atayamba kale kulira. Inu mphindi 5 mpeni uli kale m'manja?

Dr Mbewe:
Agogo, nkhawa yanuyo inafufuzidwa ndithu. Mu 2021 munatuluka kafukufuku wa odwala 631 a m'ma ICU a ku Canada, Czech Republic ndi Netherlands amene anachotsedwa pa makina. Ofufuza anabwerera ku zimene monita inajambula. Anapezadi kuti mwa ena mtima umaima kenako n'kugundanso pang'ono wokha. Koma nthawi yaitali kwambiri imene mtima unaima n'kuyambiranso inali mphindi 4 ndi masekondi 20, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatsitsimuka, onse anamwalira. Zikachitika mkati mwa mphindi 5 zija, kuwerenga kumayambiranso pachiyambi. Kumudzi timadalira chala pa mtsempha ndi khutu pachifuwa, ndipo munthu wokomoka kwambiri akhoza kukupusitsani. Mu ICU muli kachubu kolowa mu mtsempha weniweni kamene kamaonetsa kugunda kulikonse.

Komabe maiko sagwirizana onse. Ku Italy lamulo limati mphindi 20. Ku Germany salola n'komwe kutenga ziwalo mwa njira imeneyi. Ndiye mukakayika simuli nokha. Koma taonani, ku Italy komweko, ndi mphindi 20 zawozo, mapapo amawaikabe mwa anthu ndipo amagwira ntchito.

Chisomo wa zamalamulo:
Adokotala ndikufunseni mosapsatira. Pa mphindi 5 zimenezo mtima sungathenso kugunda, kapena mwangogwirizana kuti simuyesa kuudzutsa? Chifukwa ku Sydney mu 2014 ndi ku Papworth mu 2015 anayamba kutenga mitima ya anthu a DCD omwewa, kuidzutsa, n'kuiika mwa ena. Mtima umene mwati waima osadzagundanso ukukagunda m'chifuwa cha munthu wina.

Dr Mbewe:
Mwalasa penipeni. Yankho loona ndi lachiwirilo. Mtimawo sudzuka wokha, ndipo palibe amene ati audzutse, chifukwa zinagamulidwa kale kuti kutero sikumuthandiza wodwalayo. Chimene dokotala akutsimikiza ndi chakuti magazi asiya kupita ku ubongo ndipo sadzapitakonso. Munthu amathera pamenepo, ngakhale nyama ya mtima isanaonongeke. N'chifukwa chake malamulo amakhwima pa chilichonse chimene chingabwezere magazi ku ubongo. Mphindi 10 zimene anena mayi a Chikondi zachokera pomwepo, kupopera okosijeni msanga kukhoza kuutsa mtima. Alipo akatswiri amene sakhutira ndi yankho limeneli mpaka lero, ndipo sindiwanyoza. Ine ndimakhutira nalo, pokhapokha ngati chigamulo chochotsa makina chinapangidwa moona mtima, diso lisali pa ziwalo.

Chisomo wa zamalamulo:
Ndiye kuti zonse zatsamira pa kukhulupirika kwa anthu a mu ICU. Sindinakhutire kwenikweni koma ndathokoza kuti simunazembe.

Bambo a Tadala:
Ndi pamene pali mantha athu ife anthu akuda. Tili m'dziko la eni. Ukalembetsa, sangakutope msanga ataona kuti pali wawo akudikira mapapo?

Mayi a Chikondi:
Mantha amenewo ndimawamva tsiku ndi tsiku, ndipo sindimatsutsa munthu chifukwa ali ndi komwe anachokera. Zimene ndimaona ine ndi izi. Pa bedi sindidziwa amene analembetsa ndi amene sanalembetse, kaundula wa opereka ziwalo amatsegula ndi anamwino apadera aja. Madokotala a ICU sadziwa kuti mapapo apita kwa ndani, ndipo ochotsa ziwalo alibe mawu pa zochotsa makina. Komanso munthu wosasamalidwa bwino mapapo ake amadzaza madzi ndi chibayo, palibe angawafune. Ndipo achibale amafunsidwabe ngakhale lamulo linasintha. Akakana kwamtuwagalu, opaleshoni sichitika. Kwa amene mwangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, lamulo loti munavomera kale silikukhudzani mpaka mutakhala ku England miyezi 12. Alendo ndi ana osakwana zaka 18 nawonso siliwakhudza.

Nachisale:
Chabwino. Nanga wolandirayo? Sakhala kuti wapatsidwa zotsalira?

Dr Mbewe:
Ambiri ankaopa zomwezo pamene Robert Love anayambiranso njirayi ku Wisconsin m'zaka za m'ma 1990. Koma bungwe la ISHLT, limene limasunga kaundula wa maopaleshoni a mtima ndi mapapo, linatulutsa lipoti mu 2019 la anthu 1,090 amene analandira mapapo a DCD pakati pa 2003 ndi 2017. Patatha zaka 5, anthu 63 pa 100 alionse anali moyo. Olandira mapapo a DBD m'zipatala zomwezo anali 61 pa 100. Kusiyana kwakeko n'kosawerengera, tingoti n'chimodzimodzi.

Chifukwa chake n'chakuti kufa kwa ubongo nakonso kumazunza mapapo kwambiri. Ubongo ukamatupa n'kufa, thupi limatulutsa adrenaline, mankhwala a m'thupi othamangitsa mtima, wochuluka nthawi imodzi, BP imakwera koopsa, timitsempha ta m'mapapo timayamba kudontha, madzi n'kulowa m'timatumba tija. Pamwamba pake munthu akhala masiku pa makina, chibayo chikumulondola. N'chifukwa chake pa opereka ziwalo 5 alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene mapapo ake amatengedwa. Wa DCD sadutsa m'mkuntho umenewo. Ake amavutika ndi mphindi zija za BP yotsika. Mbali zonse phapo limafika litapwetekako, kungoti mopwetekera mwake ndi mosiyana.

Ndichenjeze pang'ono. Manambala amenewa ndi a zipatala zozolowera, ngati Alfred ya ku Melbourne imene inayamba njirayi mu 2006, ndipo mapapo a DCD amene anatengedwawo anachita kusankhidwa mosamala. Onaninso kuti 63 pa 100 ndiye kuti 37 anamwalira. Kuika mapapo ndi kovuta kuposa impso, kaya achokera kwa ndani.

Kachingwe ku boma:
Ndawerenga zonse pa nthawi yopuma. Funso langa ndi la ntchito, adokotala. Wa DBD mumatha kumuyeza magazi ali pa makina mpaka nthawi yomaliza. Uyu wapuma movutikira ola lathunthu opanda chubu, kenako wakhala magazi osayenda. Mudziwa bwanji kuti phapo lapulumuka?

Dr Mbewe:
Makina asanachotsedwe amamupatsa okosijeni yekhayekha n'kuyeza magazi a mu mtsempha. Okosijeni wa m'magaziwo akapitirira 300 mmHg, phapo likulonjeza. Zotsalazo ndi maso ndi manja mu fiyeta. Amalowetsa kamera m'njira za mpweya kuona ngati muli mafinya kapena za m'mimba. Amaligwira phapolo kumva ngati lili lofewa ndi lopepuka, kapena lolemera ndi madzi. Amachotsa mpweya kuona ngati likuphwa msanga. Amatsuka ndi madzi ozizira apadera kudzera mu mtsempha waukulu wolowa m'mapapo, kenako n'kutsukanso chobwerera m'mbuyo kudzera m'mitsempha yotuluka. Apa mpamene timibulu ta magazi oundana timatuluka, chifukwa ku Britain sapereka heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu asanamwalire, pomwe ku America ndi ku Canada ambiri amapereka.

Akakayikabe pali EVLP, kuyesa mapapo pa makina ali kunja kwa thupi. Mapapo amaikidwa m'mbale yokhala ndi chivindikiro choonekera mkati, amalumikizidwa ku makina opumira ndi ku pampu yoyendetsa madzi otchedwa Steen solution, n'kutenthetsedwa pang'onopang'ono mpaka madigiri 37. Umangoona mapapo akufufuma ndi kuphwa patebulo, mwini wake kulibe. Ola lililonse amayeza okosijeni amene akulowa m'madzimo, kulimba kwa phapo ndi mphamvu imene pampu ikufunika. Labwino limanka likufewa, loonongeka limanka likulemera, madzi n'kuyamba kutuluka m'chubu. Gulu la Shaf Keshavjee ndi Marcelo Cypel ku Toronto linalemba mu 2011 za odwala 20 amene analandira mapapo okayikitsa atayesedwa maola 4 motere, ena mwa iwo a DCD, ndipo anachira mofanana ndi anzawo.

Mayi a Chikondi:
Koma muwauzenso kuti kuno ku Britain sizinayende ngati ku Toronto.

Dr Mbewe:
Zoona. Kafukufuku wa DEVELOP-UK anayesa mapapo a opereka 53, amene anaikidwa mwa anthu anali 18 okha, ndipo anaimitsidwa nthawi isanakwane. Makinawo ndi okwera mtengo ndipo amafuna gulu lozolowera. Mapapo ambiri a DCD amene akuoneka bwino amangoikidwa osadutsa pa makinawo.

Bambo a Tadala:
Ndiye funso langa la munthu wogwa mwadzidzidzi lija, n'zosatheka kulikonse?

Dr Mbewe:
Zimatheka, koma ndi njira yolimba. Stig Steen, mwini wa madzi ndatchula aja, anachita zimenezi ku Lund, Sweden, mu 2000. Bambo wa zaka 54 anafa ndi matenda a mtima m'chipatala, kuyesa kumudzutsa kutakanika. Patatha mphindi 65 analowetsa machubu m'chifuwa n'kuthiramo madzi ozizira, mapapo ali momwemo m'thupi. Anawachotsa patapita maola ena, kuwayesa pa makina, n'kuika phapo lakumanja mwa mayi wodwala mapapo, ndipo linagwira ntchito. Ku Madrid anayamba cha m'ma 2002 kutenga mapapo a anthu ofera kunja kwa chipatala. Vuto ndi lakuti sudziwa bwino mbiri ya munthuyo, pachifuwa papanikizidwa nthawi yaitali pomudzutsa, ndipo achibale angomva kumene za imfa, iwe ukubwera ndi pempho. Mapapo oterewa amavuta kwambiri m'masiku 3 oyambirira kuposa ena aja. Pa anthu 1,090 a mu lipoti lija, oposa 90 pa 100 analandira ochokera mu ICU momwe afotokozera mayi a Chikondi.

Kachingwe ku boma:
Kkkk anzathu muli kutali. Kuno ku Malawi magetsi akazima usiku timathamangira kukadzutsa wa jenereta kuti makina a okosijeni a ana asaime. Odwala impso amadalira dialysis ku Queens ndi ku Kamuzu Central, wofuna impso ina ulendo wa ku India. Koma anthu ofunika mapapo atsopano tili nawo, musaganize kuti kulibe. Azibambo amene anachira TB koma mapapo anatsala zipsera zokhazokha, madala amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, amayi a utsi wa kukhitchini. Amafika akupuma mwabefu, ine ndimawapatsa kopopera mkamwa ndi mawu olimbikitsa.

Dr Mbewe:
Ndikumva achimwene. Ndipo sindingalimbikitse kuti kumudzi tiyambire pamenepa. DCD imafuna ICU yokwanira, gulu la opaleshoni lodikira usiku wonse mwina pachabe, ndi mankhwala ngati tacrolimus, oletsa thupi kukana phapo latsopanolo, amene wolandira amamwa moyo wake wonse, magazi akuyezedwa pafupipafupi. Mankhwala omwewo amafooketsa chitetezo, ndiye kumene TB ili ponseponse ndi nkhani ina. Ndalama ya opaleshoni imodzi ingagule makina a okosijeni angati?

Nabanda wa ku Cape Town:
Kuno ku South Africa mapapo amaika, ku Milpark ku Johannesburg ndi ku Groote Schuur kuno, koma opereka ziwalo ndi ochepa zedi ndipo banja liyenera kuvomera. Zimene anena aChisomo zandikumbutsa za Christiaan Barnard. Pa 3 December 1967, pa opaleshoni yoyamba yoika mtima pa dziko lonse, wopereka anali mtsikana wa zaka 25 amene anagundidwa ndi galimoto. Anazimitsa makina opumira, ndipo mtima sanauchotse mpaka utaima. Ndiye mkangano wanuwu ndi wakale kuposa ambiri a ife pa gulu pano.

Che Mussa:
Salaam nonse. Kwa ife Asilamu nkhani zili ziwiri. Yoyamba ndi ya chilolezo. Mu 2019 Mufti Zubair Butt wa kuno ku Britain anapereka fatwa, chigamulo cha chipembedzo, yolola kupereka ziwalo munthu akamwalira, koma anatsindika kuti mtima ndi kupuma zikhale zitaimiratu. Ndiye kwa amene amatsatira fatwa imeneyo, njira ya DCD ndi imene ili yosavuta kuilandira kusiyana ndi ya ubongo ija. Mashehe ena amakanabe zonse, aliyense afunse wake. Yachiwiri ndi ya nthawi. Ife timaika maliro msanga. Zonsezi sizichedwetsa?

Mayi a Chikondi:
Che Mussa, kuchedwa kumakhala munthu asanamwalire, pa maola okonzekera aja. Akamwalira opaleshoni imatenga maola ochepa, amasoka bwinobwino, n'kuika bandeji pabalapo. Thupi limaperekedwa kwa achibale kuti akasambitse monga mwa mwambo wawo. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi coroner, mkulu wa boma wofufuza chimene chapha munthu, ngati imfayo inali ya ngozi, ndipo ameneyo amalowererapo kaya mwapereka ziwalo kaya ayi. Muwauze anamwino poyambirira pomwe kuti mukufuna kuika msanga, amayesetsa.

Nachisale:
Nanga ife ofuna kukaikidwa kumudzi?

Mayi a Chikondi:
Sizilepheretsa. Thupi limakonzedwa ndi mankhwala n'kukwera ndege ngati lina lililonse, nkhope ndi manja sizikhudzidwa. Chovuta ndi amalume a kumudzi akamva kuti mwana wawo wabwera wopanda mapapo iwo osauzidwa. Ndi bwino amve kwa inu mudakali moyo.

Agogo Jere:
Zimenezo ndiye zoona, kungabuke mlandu wa ufiti pamaliro. Koma ndifunseko, munthu woti anasuta fodya zaka zambiri, angawafunenso ake?

Bambo a Tadala:
Kkkk agogo mukufunsira ndani?

Agogo Jere:
Ndikufunsira mnzanga.

Dr Mbewe:
Muwauze anzanuwo kuti akhoza kuwafuna. Gulu la Robert Bonser wa ku Birmingham linaunika nkhaniyi mu 2012. Pafupifupi 2 mwa maopaleshoni 5 alionse a mapapo ku Britain anagwiritsa ntchito mapapo a anthu amene ankasuta. Olandira amenewo sanakhale nthawi yaitali ngati olandira a osasuta, koma anakhala nthawi yaitali kuposa akanangotsala pamzere kudikira abwino, chifukwa ambiri amafera pamzerepo. Wolandira amauzidwa, ndipo ali ndi ufulu wokana.

Nachisale:
Ine ndinadwalapo TB ndili ku sekondale, ndinamaliza mankhwala. Ndiye anga ndi otayika?

Dr Mbewe:
TB imene idakali m'thupi imalepheretsa. Yochira kalekale amaunika payekhapayekha, kuona X-ray ndi kuchuluka kwa zipsera. Mapapo akakanidwa, impso kapena chiwindi zikhoza kutengedwabe, ndipo pa NHS App pomwepo mutha kusankha ziwalo zimene mukulola ndi zimene simukulola. Kwa ife obadwira kumudzi amayezanso malungo m'magazi, ndiye achibale anu asadzadabwe akafunsidwa kuti munapitako liti komaliza.